Magiya ambiri pa sports car yakale: werengani kaye manambala awa musanagule giyabokosi

Moni okonda magalimoto nonse, takulandirani. Lero tikambe zochotsa giyabokosi ya sports car yakale n'kuikamo ina ya magiya ambiri, chifukwa anthu ambiri amangoti magiya akachuluka basi injini ipuma, mafuta izimwa pang'ono, koma sizikhala choncho nthawi zonse ayi. Titenge magalimoto awiri, MGB ndi Mazda MX-5, muone nokha kusiyana kwake.

Tiyambe ndi MGB. Iyi inkapangidwa ku Abingdon, ku England, kuyambira 1962 mpaka 1980, ndipo anapanga zoposa 500,000, injini ya 1.8, magiya folo basi. Vuto lake lili pa giya yomalizayo. Giya folo ndi 1:1, kutanthauza kuti injini ikazungulira kamodzi shafti yotuluka m'giyabokosi imazunguliranso kamodzi, ndiye kumbuyo kuli difu (magiya opereka mphamvu ku matayala akumbuyo) ya 3.9, shafti ija izungulire pafupifupi kanayi kuti matayala azungulire kamodzi. Mukamayenda makilomita 100 pa ola kasingano ka ma rev (kuzungulira kwa injini pa mphindi imodzi) kamakhala cha m'ma 3400 mpaka 3500, injini ikungolira, chiwongolero chikunjenjemera, dzanja limangopita lokha pa giya kufuna ina yoti mulowetse koma palibe. Zili ngati kupalasa njinga potsetsereka miyendo ikungozungulira mothamanga koma liwiro osawonjezereka.

Ndiye eni ake ambiri ku Britain amaikamo giyabokosi ya Ford yotchedwa Type 9, ija inabwera ndi Ford Sierra mu 1982. Ili ndi magiya faifi ndipo yachisanuyo ndi 0.82. Tengani foni muchulukitse 3450 ndi 0.82, mupeza cha m'ma 2800. Liwiro lomwelo, msewu womwewo, koma ma rev oposa 600 achoka, mutha kucheza ndi mnzanu m'galimoto osakuwa, injini sikutentha kwambiri pa ulendo wautali ndipo mafuta akupitako pang'ono. Apa ndiye phindu lenileni ndipo ine ndimagwirizana nazo kwambiri. Kwa amene ali ndi MGB za isanafike 1967 pali phindu linanso, giya wani ya zimenezo inalibe synchro, kachipangizo kothandiza giya kulowa mosakukuta, ukalowetsa galimoto isanaimiretu imakukuta mano mpaka mtima kuwawa, pomwe Type 9 ili ndi synchro pa magiya onse asanu opita kutsogolo.

Koma dikirani kaye. MGB zina zinatuluka ndi overdrive ya Laycock, kaswitchi kamene ukadina ma rev amatsika ngati walowetsa giya ina, ndipo pa MGB zopangidwa pambuyo pake nambala yake ndi 0.82 yomweyo. Mwamva? Yofanana ndendende ndi giya faifi ya Ford. Ngati galimoto yanu ili ndi overdrive ndipo yangosiya kugwira, yambani mwaonetsa solenoid (kachipangizo ka magetsi kolowetsa overdrive), mawaya ndi oyilo, nthawi zambiri vuto limakhala pamenepo, musathamangire kutaya chinthu chabwino chimene galimoto inabadwa nacho.

Ntchito yake si yongomasula mabawuti n'kubwezera ayi. Pa MGB amakaniko amatulutsa injini ndi giyabokosi limodzi. Pafunika bellhousing ina yolumikiza injini ya MG ku giyabokosi ya Ford, kilatchi puleti yoti mano ake apakati agwirizane ndi shafti ya Ford, kabushi kakang'ono kokhala kumapeto kwa crankshaft, chitsulo chopingasa pansi chogwira giyabokosi, propshaft (shafti yaitali yochoka ku giyabokosi kupita ku difu) ya muyezo wina, komanso sipidomita iyenera kukonzedwanso apo ayi izikunamizani liwiro. Makampani a ku Britain amagulitsa zonsezi pamodzi ngati kiti, ndipo ndi bwino kutero kusiyana ndi kudula propshaft n'kuwotcherera mwachisawawa, ikapanda balansi galimoto yonse imanjenjemera ndipo ma bearing satenga nthawi. Chinanso chimene anthu amaiwala ndi oyilo, giyabokosi ya MGB imamwa oyilo wa injini, 20W-50, koma ya Ford imafuna oyilo wa magiya, 75W-90, musasakanize. Mudziwenso kuti giya wani ya Type 9 wamba ndi 3.65, yachiwiri 1.97, mpata wake ndi waukulu, ukasintha ma rev amagwa kwambiri, ndiye ena amasaka ya ku Ford za V6 imene giya wani yake ndi 3.36.

Tsopano MX-5, imene yoyamba yake ku Japan inkatchedwa Eunos Roadster, ndipo apa ndi pamene ndikufuna mumvetsere bwinobwino. Yoyamba ija ya nyali zotukuka, ya 1989 mpaka 1997, ili ndi magiya faifi. Yotsatira yake ina inabwera ndi magiya sikisi, giyabokosi ya Aisin, ndipo imalowa pa yakaleyo popanda kudula thupi la galimoto, ndiye anthu amaithamangira poganiza kuti giya sikisi itsitsa ma rev. Onani manambala awa. Giya faifi ya yakale ndi 0.814. Giya sikisi ya yatsopano ndi 0.843. Ndiye kuti mukaisintha osakhudza difu, pa msewu waukulu injini izilira kuposa kale, pang'ono ndithu koma kuposa kale, mwawononga ndalama zambiri ndipo mwapeza zosiyana ndi zimene mumafuna.

Chimene anachita a Mazda ndi kupanikiza magiya pafupipafupi, wani 3.76, thu 2.27, mpaka faifi imene ndi 1:1, kuti pa makona ndi pa mpikisano injini isamagwe mphamvu posintha. Kwa wokonda kuthamanga m'misewu yokhotakhota ndi zokoma kwambiri. Koma anaikanso difu ina, 3.9 kapena 3.6 malingana ndi dziko, pomwe yakale ili ndi 4.3 kapena 4.1. Mukasiya difu ya 4.3, giya wani imatha musanadutse n'komwe pa mphambano, dzanja silipuma m'tauni.

Ndiye musanatumize ndalama kwa wogulitsa, mufunseni manambala a magiya onse, osati kuchuluka kwake kokha. Tengani nambala ya giya yomaliza muchulukitse ndi ya difu yanu, muyerekeze ndi zimene muli nazo panopa. Pa MX-5 ya difu 4.1, giyabokosi yakale ikupereka 3.34, ya sikisi 3.46, koma mukaika difu ya 3.6 (nambala yake yonse ndi 3.636) zimatsika kufika 3.07, ndiye pa bajeti yanu muwerengere difu yomwe. Giyabokosi yakaleyo musagulitse, itsukeni muisunge pouma pamodzi ndi propshaft ndi mabawuti ake, ogula magalimoto akalewa amafunsa zida zake zoyambirira ndipo mtengo umakwera zikakhalapo.