Makalata a omvera: ma orchid a m'nyumba m'nyengo yotentha

Moni omvera athu nonse kulikonse kumene muli. October wafika ndi ukali wake, ndipo makalata ambiri a sabata ino akudandaula za maluwa a orchid amene mukusunga m'nyumba. Ndasankhapo anayi. Yoyamba yachokera kwa mayi athu a ku Area 25 mumzinda wa Lilongwe.

"Moni bambo muulutsi. Mwana wanga anandigulira duwa la orchid pa Tsiku la Anakubala chaka chatha, ndipo linakhala ndi maluwa oyera kwa miyezi itatu. Chiyambireni kutentha, masamba ake akwinyika ndipo alenda ngati makutu a mbuzi. Ndimalithirira m'mawa ndi madzulo koma silikusintha. Kodi ndiwonjezere madzi?"

Mayi, chonde musawonjezere. Ndikukayikira kuti madziwo ndi amene alifooketsa. Duwa limene mukunenali, la masamba ochindikala otambalala, ndi la mtundu wa Phalaenopsis, umene umagulitsidwa kwambiri m'masitolo. Kwawo ndi nkhalango za ku Philippines, Indonesia ndi mayiko oyandikana nawo, ndipo kumeneko silimera m'dothi. Limamatirira pa nthambi za mitengo, mizu ili pamtetete. Mvula ikagwa, khungu lofewa limene limakuta mizuyo limamwa madzi msanga, kenaka mphepo imaumitsa. Choncho mizu yake imafuna mpweya monga momwe imafunira madzi. Ikakhala yonyowa usana ndi usiku imawola, ndipo mizu yowola singakweze madzi kupita kumasamba. Masamba amakwinyika ngati a duwa la ludzu, mwini wake n'kumathirabe, mizu yotsala n'kuwoleratu.

Lero lomwe tulutsani kamphika ka pulasitiki kamene kali m'kati mwa mphika wokongolawo, muone ngati pansi sipanadikhe madzi. Kenaka yang'anani mizu. Yobiriwira ndi yolimba ndiye kuti yakhuta. Yotuwa koma yolimba ndiye kuti ikufuna madzi. Yofiirira kapena yakuda, yoti mukaifinya ikuphwanyika, imeneyo yafa. Iduleni ndi sizasi yopukuta ndi sipiriti. Ngati duwalo linabwera mu ndere zothinana zija, zichotseni, mulibzale mu tizidutswa ta makungwa a paini tosakaniza ndi makala, mumphika wa mabowo ambiri. Dothi la m'dimba ayi, manyowa ayi.

Pothirira, thirani m'mawa, madzi ambiri, adutse ndi kutulukira pansi, ndipo dikirani aleke kudontha musanabwezere. Osathiranso mpaka mizu ituwe. M'chilimwe zimenezi zingatenge masiku anayi kapena asanu, koma mizu ndiyo ikuuzeni, osati kalendala. Madzi akagwera pakati pamene masamba amatulukira, apukuteni ndi kansalu, chifukwa pamenepo pakawola duwa lonse latha. Masamba okwinyikawo mwina sadzawongoka bwinobwino. Musataye mtima nazo. Chizindikiro chakuti lachira ndi nsonga zatsopano zobiriwira pa mizu ndi katsamba katsopano pakati.

Kalata yachiwiri ndi ya bambo a ku Nchalo m'boma la Chikwawa.

"Achimwene, nyumba yanga ndi ya malata yopanda siling'i. Orchid wanga ali pawindo loyang'ana kolowera dzuwa, ndipo tsamba limodzi lachita banga loyera limene layamba kuda. Madzi athu ndi a pamjigo, amchere pang'ono. Mnzanga akuti ndiziika madzi oundana a m'filiji pamizu kuti lizizizidwa. Mundithandize."

Bambo, kalata yanu yandikhudza, chifukwa kusunga duwa lotere ku Chigwa cha Shire, kumene kutentha kumapitirira madigiri 40, kumafuna mtima. Banga limenelo ndi kupsa ndi dzuwa. Silichira, koma ngati ndi louma silifalikira, ndiye tsambalo musalidule, mbali yobiriwirayo ikudyetsabe duwa. Mungadule pokhapokha bangalo likafewa, kuchita madzimadzi ndi kumakula. Chofunika msanga ndi kuchotsa duwalo pawindo limenelo. Dzuwa la masana ndi madzulo lodutsa pagalasi ndiye loopsa. Liikeni mbali yotulukira dzuwa, kuseri kwa katani wopyapyala. Cha m'ma 2 koloko masana gwirani tsamba ndi dzanja. Likakhala lofunda kuposa mpweya wa m'chipindamo, lisunthirenibe m'kati.

M'nyumba ya malata kutentha kumasonkhana m'mwamba, choncho pamwamba pa kabati si malo ake. Liikeni pa kampando kafupi, m'chipinda chimene chimapita mphepo. Ngati muli ndi fani, iziyendetsa mpweya m'chipindamo koma isamaombe duwa mwachindunji. Pansi pa mphika ikani mbale ya timiyala ndi madzi pang'ono, mphikawo ukhale pa miyala osakhudza madzi. Zimathandiza pang'ono chabe, koma m'nyengo youma chonchi pang'onopo n'pofunika. Ndipo usiku, ngati pakhonde panu ndi potetezeka, litulutseni. Phalaenopsis amatseka timabowo ta m'masamba masana kuti asataye madzi, n'kutsegula usiku kuti akoke mpweya. Usiku wozizirirapo ndi umene umamupatsa mphamvu zopirira tsiku lotsatira.

Za madzi oundana, mnzanuyo akufunirani zabwino, koma ine sindikuvomereza. Ili ndi duwa la m'nkhalango zofunda, ndipo timiyala tiwiri ta ayezi sitinganyowetse mizu yonse pa kutentha kwa kwanuko. Vuto lalikulu ndi mchere. Madzi akamauma mofulumira, mchere umatsalira pa makungwa, mumaona zoyera zitayanga pamwamba, nsonga za mizu n'kuda. Kuwiritsa madzi sikuchotsa mchere. Ngati mungapeze madzi opanda mchere, ngakhale botolo limodzi pa sabata, gwiritsani amenewo, ndipo mvula ikayamba tchererani ambiri musunge. Feteleza muyambe mwaleka mpaka kuzizireko, chifukwa nayenso ndi mchere.

Ndikuuzeninso zoona, bambo. Duwa limeneli limasangalala pakati pa madigiri 18 ndi 29, ndipo kuti litulutse phesi la maluwa limafuna masabata angapo ozizirirapo. Kwanuko mwayi umenewo uli mu June ndi July. Pakali pano cholinga chikhale kulifikitsa kudzinja lamoyo.

Yachitatu ndi yaifupi, yochokera kwa mlongo wathu amene amagwira ntchito ku Johannesburg ndipo amatimvera pa intaneti. Akuti timaluwa tosamasula tikuchita chikasu ndi kuthothoka, pamene duwalo lili pa tebulo la kukhitchini ya ku ofesi, pansi pa makina oziziritsa mpweya.

Achemwali, malo amenewo ali ndi adani awiri. Makinawo amaomba mpweya wozizira ndi wouma masana, madzulo akazimitsidwa chipinda chimatentha, ndipo timaluwa tosamasula sitipirira kusinthasintha kotero. Mdani wina ndi zipatso. Nthochi ndi maapozi zikamapsa zimatulutsa mpweya wa ethylene umene umathothola maluwa. Lisamutsireni kutali ndi zonse ziwirizo. Tembenuzaninso masamba muone kunsi. Kukatentha ndi kuuma kumabwera akangaude ofiira, omwe aja alimi a tomato amawadziwa, komanso tizilombo toyera tokhala ngati thonje. Pukutani masamba ndi kansalu konyowa, ndipo toyerato tikhudzeni ndi thonje loviika mu sipiriti.

Yomaliza yachokera kwa mnyamata wa ku Rumphi.

"Bambo, agogo anga amaphika chinaka, ndipo ndamva kuti zomera zake ndi ma orchid. Kodi n'zoona? Ngati n'choncho, bwanji ndingokumba a kutchire kuno n'kuika m'nyumba, poti ndi akwathu ndipo anazolowera nyengo yathu?"

N'zoona, mwana wanga. Chinaka, chimene anzathu a ku Zambia amati chikanda, chimachokera ku timbatata ta ma orchid omera m'nthaka, monga Disa, Satyrium ndi Habenaria. Dziko lathu lili ndi mitundu ya orchid yoposa 400, ndipo pafupifupi 200 imapezeka pa Nyika pomwepo. Koma nyengo imene anazolowera si ya m'chipinda. Ndi ya m'madambo ndi m'maudzu a pamwamba pa mapiri, kumene kumazizira ndi kuchita nkhungu, ndipo mizu yawo imadalira bowa wosaoneka ndi maso amene ali m'nthaka ya kumeneko. Ukawakumba n'kuika mumphika, ambiri sadzaphukanso. Komanso Nyika ndi malo otetezedwa, kuzula zomera m'menemo ndi mlandu, ndipo malonda a chikanda awachepetsa kale maluwa amenewa m'madera ambiri a Zambia, Tanzania ndi kuno kwathu. Ndikukupempha ndi mtima wonse, asiye pomwe ali.

Ngati ukufuna orchid wakwathu wopirira kutentha, funafuna Ansellia africana, wa maluwa achikasu a mawanga ofiirira, amene amamera pa mphanda za mitengo kumadera otentha. Nayenso usakamuthyole kutchire. Pempha kwa munthu amene ali naye kale pakhomo akugawireko chigawo cha mapesi atatu kapena anayi okhala ndi mizu yake. Uchimangirire pa mphanda ya mtengo wa mango ndi chingwe chofewa, pamene pamafika dzuwa la m'mawa, ndipo uzichithirira kawiri pa sabata mpaka mvula itayamba ndi mizu itagwira khungwa.