Makalata a Omvera: "90 Apulumuka" Kapena "10 Amwalira"?

Moni nonse omvera. Makalata abwera ambiri, koma iyi ya mayi wa ku Ntcheu yandikhudza kwambiri.

Akuti: "Bambo athu akufunika opaleshoni. Adokotala anandiuza kuti mwa anthu 100, 90 amapulumuka, ndipo ndinavomera. Achimwene anga anamva kuti 10 amamwalira, ndiye akuti ndikufuna kupha bambo. Sitikulankhulana."

Pepani mayi. Inu ndi achimwene mwauzidwa chiwerengero chimodzi, chasiyana ndi mawu amene anayamba kufika pamtima. Mu 1981, akatswiri a kaganizidwe ka anthu, Amos Tversky ndi Daniel Kahneman, anafunsa anthu za mliri wongoyerekeza woti upha anthu 600. Atauzidwa kuti njira ina ipulumutsa 200, anthu 72 mwa 100 anaisankha. Gulu lina litamva njira yomweyo ndi mawu oti "pafa 400", 22 okha ndi amene anaifuna. Mu 1982, kafukufuku wa opaleshoni ya khansa ya m'mapapo anapeza kuti madokotala nawonso amatengeka chimodzimodzi.

Ndiye pitani nonse awiri kwa adokotala. Afunseni atchule mbali zonse ziwiri, opulumuka ndi omwalira. Funsaninso ngati 10 amenewo amamwalira pa opaleshoni pomwepo, mwezi woyamba, kapena pakapita zaka. Funso limene mabanja ambiri amaiwala ndi ili: tikapanda kuchita opaleshoni, mwa 100 amatsala angati? Kukana nakonso kuli ndi chiwerengero chake. Ndipo ngati bambo akutha kulankhula, afunsidwe eni akewo.

Achimwene, mantha anuwo ndi chikondi, sindikukutsutsani. Katswiri wa za ubongo Antonio Damasio anaona odwala ovulala ubongo wa kutsogolo: nzeru zinalipo, koma mtima utazizira ankalephera kusankha bwino. Mtima ukufunika. Koma kumutcha mlongo wanu wakupha, ayi bambo, mukapepese. Mupite ndi nkhuku, pakamwa pamafewa msanga.

Makalata ena atatu akudandaula za mikangano ya pa WhatsApp yoyamba ndi chithunzi cha mwana akulira. Abale anga, chithunzi chimodzi chimatikwiyitsa tisanafunse kuti chajambulidwa kuti, liti, ndipo chabisa chiyani. Muzifunsa kaye musanatumize kwa ena.

Bambo a ku Karonga, mwafunsa ngati kukwiya ndi tchimo. Kukwiya ayi, koma musaweruze mlandu wa mwana wanu usiku womwewo, mumumve m'mawa.

Achemwali a ku Johannesburg, moni wanu wafika, nyimbo yanu ikubwera tikatha uthenga wamalonda.