Eni nkhani ali kuti mu Mississippi Burning?

Zikomo abambo ndi amayi, nanunso achinyamata kumbuyoko tcherani khutu. Filimu yomwe tionere lero ndi Mississippi Burning, ya Alan Parker, yotuluka mu 1988. Ikangoyamba muona mipopi iwiri ya madzi akumwa pakhoma limodzi, wina wa azungu, wina wa akuda. Yang'anitsitsani wa akudawo mmene uliri.

Nkhaniyo si yopeka yonse. Pa 21 June 1964, anyamata atatu, James Chaney wakuda wa ku Meridian, ndi Andrew Goodman ndi Michael Schwerner azungu ochokera ku New York, anapita kukaona tchalitchi cha Mount Zion chomwe a Ku Klux Klan, gulu la azungu odana ndi akuda, anatentha. Ntchito yawo inali yothandiza akuda kulembetsa mavoti, poti ku Mississippi, chigawo cha ku America, akuda olembetsa sankafika ngakhale 7 pa 100 alionse. Wapolisi Cecil Price anawatsekera ati kaamba kothamangitsa galimoto, n'kuwatulutsa usiku. Panjira anawomberedwa ndi a Ku Klux Klan. Mitembo inapezeka patatha masiku 44, itakwiriridwa m'chipupa cha damu.

Kukoma ndiye imakoma, simuwodzera. Gene Hackman ndi Willem Dafoe akusewera ngati ofufuza a FBI, bungwe la boma la America lofufuza milandu, wina wodziwa kuopseza, wina womamatira malamulo. Pali pena Hackman agwira lezala pakhosi pa wapolisi m'nyumba yometera, mtima umachita kuti phwii. Makolo, pali moto ndi magazi, ana ang'onowo mukawagoneke.

Koma apa mpomwe ine ndimakwiya nayo. Akuda m'filimuyi ntchito yawo n'kuthawa, kulira ndi kuimba pamaliro basi. Chonsecho ndi iwowo ankasunga anyamatawo m'nyumba zawo, n'kumaima pamzere wolembetsa akudziwa kuti mawa lake achotsedwa ntchito kapena kuwotcheredwa nyumba. FBI yomwe ikutamandidwayo, bwana wake J. Edgar Hoover ankatchera zomvera pa mafoni a Martin Luther King. Ndipo pofufuza m'mitsinje ndi m'madambo anavuula mitembo ya akuda ena, monga Henry Dee ndi Charles Moore, omwe kusowa kwawo sikunagwedeze dziko. Anthu aja anali ndani? Filimu siyifunsa.

Mu 1967 khoti linapeza anthu asanu ndi awiri olakwa pa nkhani ya anyamata atatu aja, osati pa mlandu wakupha koma wophwanya ufulu wa anthu, ndipo palibe anakhala m'ndende kuposa zaka 6. Edgar Ray Killen, mlaliki yemwe anakonza chiwembucho, anapezeka wolakwa mu 2005 ali ndi zaka 80.

Tikamaliza ndifunsa kuti mwamva akuda angati akulankhula, ndiye muziwerenga. Achimwene, tazimitsani magetsiwo.