Koha sagulitsa: mawu a pa msonkhano wa komiti ya laibulale

Zikomo amfumu, zikomo aphunzitsi ndi makolo nonse. Khalani pansi, sindichedwa.

Mwamva zimene zinachitika sabata yatha. Kunabwera mnyamata wotchena bwino, laputopu kukhwapa, n'kunena kuti laisensi ya Koha, pulogalamu ya pa kompyuta imene timasungiramo mayina a mabuku a mu laibulale yathu, yatha, tikapanda kulipira pofika Lachisanu mayina a mabuku onse afufutika. Amayi athu a pa desiki anachita mantha mpaka anatsegula kabati kuti atenge ndalama za magetsi. Mwamwayi anayamba aimba foni. Ndiye mumve bwino: Koha sagulitsa. Ilibe laisensi yolipira.

Ndikuuzeni kumene inachokera, kuti wina akadzabweranso mudzamuyankhe nokha. Mu 1999, ku New Zealand, m'tauni ya Levin, bungwe la malaibulale la Horowhenua Library Trust linali ndi nkhawa ngati yathuyi. Makina awo akale ankaoneka kuti asokonekera chaka cha 2000 chikamalowa, ndipo mapulogalamu ogula anali okwera mtengo. Anapita ku kakampani kotchedwa Katipo Communications, kumene Chris Cormack ndi anzake anakhala pansi miyezi yochepa, ndipo mu January 2000 pulogalamu inayamba kugwira ntchito. Pamenepo sanaitsekere m'thumba ayi. Anaiika poyera kuti aliyense atenge, aikonze, agawirenso ena. Dzina lenilenilo, koha, m'chiyankhulo cha anthu a Māori ndi mphatso, imene mlendo amapereka akafika pamudzi. Mphatso mungailipire laisensi? Koha sagulitsa.

Ee, bambo kumbuyoko, mwati chiyani? Akuti anthu amenewa amadya chiyani ngati akugawa ulere. Funso labwino, ndipo apa ndi pamene ambiri amapusitsidwira. Amadya thukuta lawo, bambo. Taganizani chitsime cha m'mudzi. Madzi sitigula, koma mmisiri wokonza mjigo timamulipira. Laibulale ikafuna chinthu chatsopano, imalemba ntchito odziwa, ntchitoyo ikatha imabwerera kwa onse. Paul Poulain wa ku France anathandiza kuti Koha izigwira m'ziyankhulo zina, si Chingerezi chokha. Laibulale ya ku Nelsonville, ku Ohio, inaika ndalama zake kuti Koha izisunga mayina a mabuku m'kalembedwe kamene malaibulale akuluakulu amagwiritsa ntchito, ndipo ifeyo lero tikudyerera popanda kutulutsa tambala. Lero kuli makampani ngati Catalyst IT ku Wellington, BibLibre ku France, ByWater Solutions ku America, amene amalipidwa poika, posamalira ndi pophunzitsa. Kulinso ongodzipereka: wina amayesa zimene mnzake walemba n'kuvomereza, wina amamasulira mawu, wina amalemba malangizo. Mtundu watsopano umatuluka kawiri pachaka, May ndi November. Ndipo musaganize kuti sanayesedwepo. Kampani ina ya ku America inafuna kulembetsa dzina la Koha kuti likhale lake ku New Zealand komweko. Kalaibulale ka ku Levin kanapempha thandizo, anthu a m'mayiko osiyanasiyana anasonkha ndalama, ndipo mu 2013 pempho la kampaniyo linakanidwa. Choncho mmisiri mulipireni ntchito imene waigwira n'kuioneka. Za laisensi ayi.

Koma nafenso tili ndi mlandu, anzanga. Ndinakafika pa desiki paja, pasiwedi yalembedwa pakapepala, yamatidwa pa kompyuta pomwepo. Ndani sangawerenge? Ndinafunsa za backup, kutanthauza kukopera zonse za mu kompyuta n'kuzisunga pena, anthu anangoyang'anana. Mlendo uja akanakhala pampando mphindi zisanu, akanafufuta yekha n'kunena kuti mwaona, ndinakuuzani. Tisamatero.

Ndikuona ena mwayamba kuyang'ana kudzuwa, ndithamange. Munthu wosadziwika asakhudze kompyuta popanda a komiti awiri. Chotsani kapepala kaja lero lomwe, musinthe pasiwedi. Lachisanu lililonse koperani zonse pa fulashi, fulashiyo isagone mu laibulale, ikagone kwa mlembi. Wofuna ndalama alembe papepala ntchito imene agwire, ndipo akangotchula laisensi, muuzeni kuti Koha sagulitsa, mundiimbire foni. Mukapeza cholakwika mu pulogalamu, lembani m'kope zimene munadina ndi zimene zinatuluka, ine ndikatumiza kwa eni ntchitoyo.

Amayi a pa desiki, tsalani pang'ono, tiyambe ndi pasiwedi ija.