Kuweta tintchentche todyetsa achule: vidiyo ya lero

Takulandirani nonse, tili pa Salima. Amene muli ndi tiachule tating'ono, mukudziwa kuti tiachuleti sitidya chakudya chosayenda. Lero tiweta tintchentche ta pa zipatso. Dinani kaye subscribe, tiyambe.

Choyamba, botolo loyera la kukamwa kwakukulu. Chachiwiri, chakudya: nthochi imodzi yakupsa kwambiri, masupuni 4 a phala la mgaiwa lozizira, supuni imodzi ya viniga yoletsa chuku, ndi yisiti wa kunsonga kwa supuni. Sakanizani, chikhale masentimita 2 pansi pa botolo. Ponyanimo pepala lokwinya loti mphutsi zikwerepo.

Chachitatu ndiye pamene pamandipsetsa mtima. Anthu ambiri amati tintchentche timabadwa m'nthochi yowola. Amatseka botolo, nkumadikira. Abale, nthochi siibereka ntchentche! Zomwe zimachitika n'zakuti yaikazi imaikira mazira pa khungu la chipatso chikadali pa benchi pamsika wa Kamuzu Road, timazira tosaoneka ndi maso msanga, ndipo timaswa pakangotha tsiku. Francesco Redi, wasayansi wa ku Italy, anasonyeza zimenezi mu 1668: nyama imene anaiphimba ndi nsalu sinachite mphutsi, yosaphimba inachita. Zaka zonsezi, ena akutsutsabe m'makomenti. Lembani, ndiwerenga. Mukasenda nthochi, kutaya khungu n'kutseka botolo, mudzapeza chuku basi. Ndiye siyani botolo lotsekula pafupi ndi makoko a mango mpaka mulowe tintchentche 30 kapena 50, kenako phimbani ndi nsalu yopyapyala, mumange ndi mphira.

Chachinayi, kutentha. Pa madigiri 25, dzira limasanduka ntchentche m'masiku pafupifupi 10. Koma kuno kunyanja mu Okutobala kumapitirira 30, ndipo zamphongo zimasiya kubereka. Ikani botolo pansi pa simenti, pambali pa mtsuko wa madzi, kutali ndi malata.

Podyetsa, lowetsani botolo mufiriji mphindi zochepa kuti tizizidwe tisauluke, mutiwaze ufa wa calcium wokhala ndi vitamini D3. Popanda umenewu mafupa a chule amafewa. Vidiyo ya ufawu ili pamwambapa.

Yambitsani botolo latsopano sabata iliyonse, lakale mutaye likakwana mwezi nthata zisanadzazemo. Chiswe chaching'ono ndi nkhungu za kunyanja nazonso achule amadya, bola zamoyo komanso zosapoperedwa mankhwala. Za chiswezo ndi Loweruka.