Musalipire Mayeso Musanafunse Koleji

Zikomo makolo ndi ana athu nonse amene mwabwera. Pakhomo paja anthu awiri andifunsa funso limodzi: "Osavuta ndi ati, IELTS kapena TOEFL?" Funso limeneli mwaliyambira kumchira. Yambani mwafufuza ku koleji imene mwana akufuna kupita, muone mayeso a Chingelezi amene amalandira. Ena amalandira IELTS, TOEFL, PTE ngakhalenso Duolingo, ena amasankha. IELTS yokhayo ilipo mitundu iwiri, Academic ndi General Training. Yopitira ku koleji ndi Academic. Mukalakwitsa pamenepa, ndalama zija zalowa m'madzi.

Onaninso magiredi bwinobwino. IELTS amachonga mpaka 9. Makoleji ambiri amati akufuna 6.5, koma pansi pake amalemba timalemba ting'onoting'ono kuti gawo lililonse lisatsike pa 6.0. Mwana akhoza kuwerenga ndi kumvetsera bwino zedi, n'kugwera pa kulemba, chifukwa nkhani ya mawu 250 m'mphindi 40 si masewera.

Ngati koleji ikulandira onse, apo ndiye mudzifunse kuti lilime lanu limamasuka pati. Mu IELTS mumalankhula ndi munthu, mphindi 11 mpaka 14. Amakupatsani kakhadi ka mutu wa nkhani, mphindi imodzi yokonzekera, kenako mulankhule mpaka mphindi ziwiri. Ena akaona munthu akugwedeza mutu, mawu amangotuluka okha. Mu TOEFL mumalankhula ndi maikolofoni, mahedifoni kukhutu, nthawi ikutha pa kompyuta, pambali panu mnzanu naye akubwebweta zake. Wamanyazi zimenezi zimamukomera, koma wina mutu umangoti balala. Ine ndimati yesani zonse ziwiri, mudzijambule mawu pa foni, mumvetsere nokha.

Duolingo imakopa chifukwa mumalembera kunyumba, pafupifupi ola limodzi, ndipo mafunso amanka nalimba mukamakhoza. Koma kamera imakhala ikukuonani. Mukamayang'anayang'ana kumbali, kapena mng'ono wanu akalowa m'chipindamo, zotsatira akhoza kuzikana. Intaneti yodukaduka nayonso ingakupwetekeni.

China chimene ambiri amaiwala: zotsatira za mayeso amenewa zimagwira ntchito zaka ziwiri zokha. Osathamangira kulemba mwana asanadziwe chaka chimene adzapemphe malo.

Amayi kumbuyoko ndaona mwakweza dzanja, tiyeni funsani.