Vayolini ya Bokosi la Cigar: Mmene Imapangidwira

[Bokosi lathabwa lili patebulo. Wofotokoza akuligogoda ndi chala.]

Takulandirani nonse. Mwamva kulira kwake? Bokosi ili linali la cigar, ndudu zikuluzikulu zokulungidwa ndi tsamba la fodya zija. Lero tiona mmene anthu amalisandutsira vayolini, yomwe oimba nyimbo zakumudzi ku America amaitcha fiddle.

Poyamba, bwanji bokosi la cigar? Nkhaniyi ndi ya ku United States. Cha m'ma 1840 ogulitsa anayamba kulongedza cigar m'timabokosi tathabwa ting'onoting'ono. Kenako m'ma 1860 malamulo a msonkho anabwera: bokosi lililonse lizikhala ndi sitampu ya boma, ndipo likatha, kuikamonso cigar kunali kuphwanya lamulo. Ndiye mabokosi opanda kanthu anangoti mbwee m'masitolo, abwinobwino, opepuka, ambiri a thabwa lonunkhira la Spanish cedar. Munthu wofuna kuimba koma wopanda ndalama ya vayolini yeniyeni ankangotola. Wojambula wina dzina lake Edwin Forbes anatulutsa chithunzi mu 1876 choonetsa asilikali awiri a nkhondo yapachiweniweni ya 1861 mpaka 1865 ali pamsasa, mmodzi akuimba vayolini ya bokosi lotereli. Umphawi utavuta kwambiri m'ma 1930, luso ili linabukanso. Masiku ano ambiri amapanga chifukwa chongokonda, ngakhale ndalama yogulira yakusitolo ali nayo.

Kwathu kuno nzeruyi si yachilendo. Amene anaonapo kaligo, wa nsambo imodzi ndi uta wake, kapena banjo ya chigoba cha mafuta ndi waya wa buleki ya njinga, wamvetsa kale theka la nkhaniyi.

Tiyambe ndi bokosi. Ligogodeni monga ndachitiramu. Likamalira mopepuka, ngabwino. Likangoti phu, mwina ndi katoni yomatidwa pepala, ndipo mabokosi ambiri a masiku ano ndi otero, lisiyeni. Chivundikiro chikhale chopyapyala, pafupifupi mamilimita 3, chifukwa ndicho chimanjenjemera ndi kutulutsa mawu. Bokosi la cigar likasowa, ndipo kunoko limasowadi, kalipentala akhoza kukukhomerani kabokosi ka pulayiwudi yopyapyala. Chachikulu, sankhani lopapatiza. Chifukwa chake ndichifotokoza posachedwa, ndipo m'pamene pagona vidiyo yonseyi.

[Wofotokoza akunyamula ndodo yathabwa.]

Ndodo iyi ndiyo khosi la vayolini yathu. Pezani mtengo wolimba, wouma bwino, wosapindika. Mlombwa ungachite, mbawa ingachite. Nsambo zinayi za vayolini zikakungidwa zimakoka ndi mphamvu yoposa makilogalamu 20, usana ndi usiku. Bokosi palokha silingapirire, lingangophwasuka. N'chifukwa chake ndodoyi imalowa mbali imodzi ya bokosi n'kukatulukira mbali ina, ndipo nsambo zimamangidwa ku ndodo kumutu ndi kumchira. Katundu yense asenze ndi mtengowu.

Koma taonani apa. Gawo la ndodo lomwe lili mkati ndalisema pang'ono pamwamba, mamilimita 3 kapena 4, kuti lisakhudze chivundikiro. Chikakhudza, sichinjenjemera, ndipo chida chanu chikhala chosalankhula. Chigwire m'mphepete mokha.

Tsopano tafika povuta. Anthu ambiri amayamba ndi gitala ya bokosi, imayenda bwino, ndiye amaganiza kuti vayolini ndi chimodzimodzi. Ayi ndithu. Gitala mumakhwatcha ndi chala, nsambo zonse zingathe kugona mofanana. Vayolini mumaimba ndi uta, ndipo uta uyenera kufika pa nsambo iliyonse payokha osagunda inzake, osagundanso thupi la chidacho.

Mukaiyang'ana vayolini yakusitolo, ili ndi chiuno. Pakati m'popapatiza, masentimita 11 basi kapena kuposa pang'ono. Chiuno chimenecho si chokongoletsa, ndi njira ya uta. Bokosi lathu lilibe chiuno. Mukapendeketsa uta kuti muimbe nsambo yakumapeto, umakakhula m'mphepete mwa bokosi. Apa m'pamene ntchito zambiri zokongola zimafera: munthu wapala, wapaka vanishi, wakunga nsambo, koma zoimbika ndi ziwiri zapakati zokha.

Mankhwala ake alipo. Bokosi lopapatiza lija ndi oyamba. Achiwiri ndi kamlatho, kathabwa koima pa chivundikiro komwe nsambo zimadutsapo. Ka vayolini wamba kamatalika pafupifupi mamilimita 33, koma pa bokosi kayenera kukwera kuposa apo, mwina 40 kapena 50, malinga ndi kutambalala kwa bokosilo. Pamwamba pake pakhale pokhota ngati mwezi wongokhala kumene, kuti nsambo zapakati zikwere, zam'mbali zitsike.

Kamlatho kakakwera, vuto lina limabadwa. Nsambo zimatalikira khosi, ndipo zala sizingazitsindike. Ndiye thabwa loyendapo zala liyenera kukwera nalo limodzi. Ena amapendeketsa khosi lonse chakumbuyo. Ine ndimakonda njira yosavuta: kusema kathabwa kopyapyala kumutu, kokhuthala chakubokosi, n'kukaika pansi pa thabwa la zala. Kumapeto kwa thabwalo, nsambo yaing'ono italikire mamilimita 3 ndi theka, yaikulu 5 ndi theka. Thabwalo nalonso likhote mofanana ndi kamlatho.

Chonde, musanadule chilichonse, jambulani zonsezi papepala lalikulu pa msinkhu wake weniweni, kuyang'ana cham'mbali. Kenako ikani kamlatho pa bokosi, tengani rula, muigoneke pamene padzadutse nsambo yakumapeto, muipendeketse. Ikagunda bokosi, uta nawonso udzagunda. Kuyesa kumeneku n'kwa mphindi ziwiri, ndipo palibe china pa ntchito yonseyi chomwe ndingakuumirizeni kuposa ichi.

[Tepi yoyezera yagona pa khosi.]

Kuchokera pomwe nsambo zimayambira kumutu kufika pa kamlatho, yezani masentimita 33. Ndiwo muyeso wa vayolini ya akuluakulu, ndipo mukautsata, nsambo zogula zikwana bwino, komanso mukadzagwira vayolini yeniyeni zala zanu sizidzasochera.

Zokungira nsambo, zachitsulo za gitala yakale n'zabwino kwambiri kwa woyamba. Zikhomo zamtengo zimaoneka bwino, koma kuti zigwire osaterereka zimafuna bowo losongoka mwaluso. Mabowo otulutsira mawu asakudetseni nkhawa. Awiri ozungulira, uku ndi uku kwa kamlatho, akwana.

Tisuzumire mkati. Kamlatho kamatsindika chivundikiro mwamphamvu, ndipo thabwa lathyathyathya la mamilimita 3 limayamba kulowa. Vayolini yeniyeni ili ndi zinthu ziwiri zothandiza. Pansi pa phazi la kamlatho la kumbali ya nsambo yaikulu pamamatidwa kamtengo kotalika kotsata utali wa thupi. Kumbali ya nsambo yaing'ono kumaima kamzati kozungulira, konenepa mamilimita 6, kuchokera pansi kufika ku chivundikiro, kumbuyo pang'ono kwa phazi linalo. Kamzatika sikamatidwa ndi guluu, kamagwidwa ndi kupanikiza kwa nsambo. Amisiri a mabokosi amasiyana maganizo pa kameneka, ena amaika, ena ayi. Ine ndikuti kamtengo kotalikako matani ndithu, koma kamzati yesani kawiri, kalipo ndi kalibe, khutu lanu liweruze. Ubwino wa bokosi ndi umenewo: mumasula nsambo, mutsegula chivundikiro, musuntha. Choncho musathamangire kulimata kotheratu. Timasikuluwu ting'onoting'ono m'makona tikwanira, ndipo timaletsa chivundikiro kugwedera.

Pa nsambo ndi uta, apa ndiye musaumire ndalama ngati mungathe. Waya wa buleki amalira, inde, koma pansi pa uta amakuwa, ndipo amapweteka zala. Nsambo zotsika mtengo za vayolini zimasintha zonse. Uta weniweni umakhala ndi ubweya wa kumchira wa hatchi. Mungapange wanu ndi kamtengo kopindika ndi timaulusi tambiri tanayiloni topyapyala ta asodzi, koma kaya wogula kaya wopanga, popanda utomoni sulira. Utomoni wake ndi wa mitengo ya paini, wouma ngati galasi, ndipo m'masitolo a zoimbira umatchedwa rosin. Ndiwo umachititsa ubweya kugwira nsambo, kuikoka, kuitaya, kuigwiranso, kambirimbiri pa sekondi imodzi, ndipo mawu amachokera pamenepo. Uta watsopano umafuna kupakidwa kwa kanthawi ndithu.

[Wofotokoza akukunga nsambo.]

Kuchuna kwake ndi G, D, A, E, kuyambira yaikulu. Pulogalamu yochunira ya pafoni ikuthandizani. Kungani pang'onopang'ono, nsambo iliyonse pang'ono, mukuyang'ana kamlatho, chifukwa kamakonda kuweramira kutsogolo ndipo kakagwa kangathe kuthyoka. Kawongoleni ndi zala ziwiri. Masiku oyamba nsambo zizitsika zokha pamene zikutamuka ndiponso mtengo ukukhazikika, ndiye muzichunanso musanaimbe.

Musayembekezere mawu a vayolini ya muholo. Iyi imalira motsika, mwam'mphuno pang'ono, mokhakhala, ndipo pa nyimbo zovina ine ndimawakonda mawu amenewo. Tamverani nsambo ya D.

[Akukoka uta.]